Glencoe mu July: ma midge ndi nkhupakupa tipanga nazo bwanji?

Amake Tadala: Moni nonse pagulu. Ulendo wathu wa kampingi uja watsimikizika, Glencoe ku mapiri a ku Scotland, wikendi yomaliza ya July ana akadali pa holide, mabanja anayi, malo tabukitsa kale. Koma mzanga wakuntchito wandisokoneza mutu lero, nditangotchula Glencoe mu July anaseka mpaka kugwira m'mimba ati mukadyedwa ndi ma midge, tintchentche ting'onoting'ono toluma. Amene munafikako tiuzeni chilungamo, ndi zoti munthu nkusintha pulani kapena akungokokomeza? Ine ndimangoti tinyamula neti ija tinabwera nayo kumudzi ndi makoilo basi

Bambo a Chiso: Akukokomeza amenewo mayi. Ine ndakulira ku Nchalo, udzudzu wa m'Shire ndimaudziwa bwino, nde ndiope kantchentche ka ku Scotland koti olo malungo kalibe? kkkk tiyeni tizipita

Che Jafali (Fort William): Achimwene mawu amenewo muwasunge bwino tidzawerengere limodzi pa 1 August kkkk. Ine ndimakhala konkuno, Glencoe ndi theka la ola pa A82 kuchoka pakhomo panga. Zoti malungo kalibe nzoona, kuno sikapatsira munthu matenda, nkhosa ndi ng'ombe ndi zomwe zimatha kudwala nako. Vuto ndi kuchuluka. Udzudzu umabwera umodzi uli kulira kukhutu, umaumva nkuuomba. Izi sizilira ndipo sizibwera khumi ayi, zimangokuzinga mutu onse, m'makutu, m'mphuno, m'zikope, mkati mwa tsitsi, ukayasamula wameza. Tiyi kungomuika pansi pang'ono pamwamba pada bii. Ndaonapo azibambo a ndevu zawo akusiya nyama pamoto kukadzitsekera m'galimoto

Che Jafali (Fort William): Ndipo neti yakumudziyo isiyeni kunyumba mayi. Kachilomboka olo mamilimita 3 sikakwana, pa mabowo a neti ya udzudzu kamangodutsa osagunda ulusi. Yofunika ndi ya ma midge yeniyeni, ya timabowo tating'ono kwambiri, yovala kumutu pamwamba pa chipewa. Muonenso neti ya pakhomo la tenti yanu, matenti otchipa ena mabowo ake ndi akulu

NyaChirwa: Kwathu ku Nkhata Bay nkhungu zikatuluka panyanja timasangalala kuti ndiwo zabwera, timakola nkuwumba nkuphika. Izizi sitingazibwezere chipongwe pozidya? kkkkk

Che Jafali (Fort William): Asisi nkhungu siziluma, izi mukamati mukole zikhala zitakuyambani kale inuyo

Amake Tadala: Eee koma ndiye mwandifooketsa. Dipoziti tinalipira kale ndipo sabweza. Nde tsiku lonse tizingokhala m'tenti ndi ana?

Che Jafali (Fort William): Ayi sikuti tsiku lonse. Zili ndi nthawi yake, m'mamawa dzuwa likamatuluka ndi madzulo likamapendeka, komanso tsiku la mitambo kuli zii kopanda mphepo makamaka mvula itangokata. Dzuwa likawala bwino zimabisala, mphepo ikangopitirira mamailosi 7 pa ola zimakanika kuuluka. Olo kuyenda kumene mwandawala sizikupeza, zimadikira uime kuti umange chingwe cha nsapato. Nde nzeru yake ndi posankha poika tenti. Ife Amalawi timathamangira pansi pa mtengo, pamthunzi, pafupi ndi kamtsinje, malo obisika kumphepo, apo nde pakwawo penipeni chifukwa zimaswana m'dothi lonyowa la m'madambo muja. Pemphani malo a poyera, pokwera, poti kamphepo kazikuwombani. Chakudya chamadzulo phikani msanga dzuwa likadalipo osati kudikira 8 koloko poti kuno sikuda msanga. Palinso Scottish Midge Forecast pa intaneti, amaika manambala 1 mpaka 5 dera lililonse, mukaona 4 kapena 5 pa Glencoe dziwani kuti kulibe chibwana

Ankolo a ku Dundee: Ana inu, mwasankhiranji kumadzulo mu July? Ma midge amayamba chakumapeto kwa May mpaka September ndipo July ndi August ndiye pachimake, kumadzulo ndi kumene kuli mvula yambiri ndi madambo, Glencoe, Glen Nevis, Skye, Rannoch Moor konseko. Bwerani kuno kum'mawa, magombe a Fife kapena East Lothian, mphepo ya kunyanja imakutetezani yokha. Kapena mukanapita May koyambirira

Amake Tadala: Ankolo May ana amakhala ali kusukulu, ndipo abambo akunyumba akufuna akakwere phiri la Ben Nevis ndi anzawo Loweruka, akhala akuimba nyimbo imeneyi chaka chonse kkk

Che Jafali (Fort William): Pamwamba pa Ben Nevis, mamita 1,345 amenewo, sakavutika ndi ma midge koma kuzizira. Zikawapezera pansi poimika galimoto ku Glen Nevis akusintha nsapato

Bambo a Chiso: Chabwino ndamva. Nanga chodzola? Ine ndili ndi Jungle Formula yotsala ulendo wa kumudzi chaka chatha

Wongani: Imeneyo ikugwira, ili ndi mankhwala othamangitsa tizilombo otchedwa DEET, koma samalani imadya pulasitiki. Ikakhudza magalasi a maso, lamba wa wotchi kapena jekete ya mvula imasiya zipsera zomata. Anthu ambiri okwera mapiri kuno amagwiritsa Smidge, muli picaridin, siwononga zovala ndipo fungo lake silokhetsa misozi. Ine ndinayenda West Highland Way kuchoka ku Milngavie mpaka Fort William ndi imeneyo plus neti yakumutu, zimatera ndithu pakhungu koma zambiri siziluma. Chinsinsi ndi kudzola paliponse posavala, kuseri kwa makutu, mzere wa tsitsi, m'zikono za manja, ukasiya kamalo kamodzi zikapeza komweko

NyaChirwa: Azimayi akuntchito kwanga amalumbirira Avon Skin So Soft

Wongani: Imeneyo ndi mafuta odzola chabe sanaipangire tizilombo. Zimakakamira pa mafutawo nkufera pomwepo, nde madzulo nkhope yonse ili mbuu ndi mitembo. Ena imawayanja, koma musaidalire pa ana ndipo kwa nkhupakupa siithandiza kanthu

Bambo a Chiso: Komanso utsi guys. Tikayatsa braai ndi koilo pambali zithawa zokha

Che Jafali (Fort William): Utsi umathandiza pang'ono ngati wakhala mu utsimo, ukasuntha mapazi awiri zakupeza. Zimatsata mpweya womwe timapuma, nde gulu la anthu 15 mutaunjikana mukuseka ndi phwando kwa izo. Zovala zakuda zimazikokanso, valani zowala. Koma chonde mbaula ya braai kapena koilo musalowetse m'tenti olo kuzizire bwanji, olo makala aoneke ngati azima, mpweya wake umapha anthu ali mtulo, nkhani zake tonse tinazimvapo kwathu nthawi ya June. Ndipo funsani kaye eni malo ngati amalola moto, kukauma kuno tchire limayaka zoopsa, wa ku Cannich mu 2023 unayaka masiku ambiri

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Ndangotuluka ku shifiti ndapeza mameseji mbwee. Nonse mukukamba za ma midge, a Wongani okha ndi amene atchulako chinthu chomwe ine chimandidetsa nkhawa. Ma midge akuyabwani masiku angapo, mudzola kirimu wa hydrocortisone kapena kumwa piritsi la antihistamine la ku famase, ana muwawenge zikhadabo asadzikande mpaka zilonda, nkhani yatha. Nkhupakupa ndi ina. Siimveka ikamaluma, siyabwa nthawi yomweyo, imatha kukhala pathupi masiku ikuyamwa ndipo zina zimanyamula matenda a Lyme. Ku Highlands kuno ndi limodzi mwa madera omwe matendawa amapezeka kwambiri mu UK muno, zisumbu za Uist nde zimachita kutchuka nawo

Amake Tadala: Nkhupakupa ngati za agalu ndi ng'ombe zija? Zimenezo ndiye timaziona ndi maso, zazikulu zotuwa

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Apo pomwe ndi pamene anthu athu amapusira mayi. Mukuganiza chinkhupakupa chokhuta cholendewera kukhutu kwa galu. Zomwe zimaluma anthu kwambiri kuno ndi tiana take, kadontho ka bolopeni kenikeni, kakuda kapena kabulauni, nde pakhungu lathu lakudali mukhoza kukayang'ana nkumati ndi kachipsera kapena kadothi. Siziuluka komanso sizidumpha, zimakhala kunsonga kwa udzu wautali ndi zitsamba zija za bracken zitatambasula miyendo kudikira chodutsa, gwape, nkhosa, galu, mwana wanu. Zikakwera zimayenda kufuna pofunda ndi pobisika, kuseri kwa bondo, m'mphechepeche, mu mchombo, m'khwapa, pomwe padutsa lamba wa thalauzi kapena bra. Kwa ana poti ndi afupi zimakonda khosi, kuseri kwa makutu ndi m'mutu

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Nde madzulo aliwonse musanagone, tochi m'manja, mwana aliyense mumuvule mumuone, ndipo musadalire maso okha, yendetsani nsonga za zala pakhungu, kakakhala kakakamira mumamva kakhambi kolimba kosachoka mukakapukuta. Atsikana oluka tsitsi muone mzere uliwonse pakati pa maluko, makamaka kunkhongo ndi mozungulira makutu. Akuluakulu muonane kumsana, bambo ndi mayi musachitirane manyazi pamenepa kkk. Ikachotsedwa msanga mwayi wopatsira matenda umachepa kwambiri, kawirikawiri imafuna itakhala maola ambiri, tsiku kapena kuposa, nchifukwa chake ndikuti tsiku lililonse osati podzafika ku Glasgow

Ankolo a ku Dundee: Ife tikuweta ng'ombe ku Mzimba tinkapita nazo ku dipi, yotsalira tinkangoithira parafini kapena kuiotcha ndi kachikuni imagwa yokha. Pa munthu Vaseline, imabanika nkutuluka

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Ankolo ndi ulemu wonse, zimenezo pa munthu ayi ndithu. Moto, parafini, Vaseline, mankhwala a zikhadabo, kuifinya ndi zala, zonsezo zimaivutitsa ikadali yolumikizika ndipo ikhoza kubwezera zam'mimba mwake m'thupi lanu, zomwe tikuthawazo. Gulani kochotsera, ku famase, kwa a vet kapena mashopu a zokwerera mapiri, ndi mapaundi ochepa. Kali kapulasitiki kokhota kokhala ndi mpata kumapeto, amati tick twister, mumakalowetsa cham'mbali pakati pa khungu ndi nkhupakupayo nkuzungulitsa pang'onopang'ono mbali imodzi mpaka yasiya yokha. Mupaketi mumakhala tiwiri, kakang'onoko nde kofunika kwambiri. Ngati muli ndi twiza ikhale ya nsonga zosongoka osati yozulira nsidze ija, gwirani pafupi penipeni ndi khungu, kokani molunjika mmwamba mosathamanga, osapotokola. Mukatero tsukani ndi sopo kapena antiseptic. Kamutu kakatsalira musakumbe ndi singano, nthawi zambiri thupi limakatulutsa lokha, muzingoyang'anira kuti pasatupe mafinya

Ankolo a ku Dundee: Chabwino mwana wanga, sukulu munapitira zomwezi. Koma ng'ombe zathu sizinadandaulepo kkkk

Wongani: Ankolo ng'ombe ikanadandaula kwa ndani kkkkk

Amake Tadala: Sisi Mphatso nanga tikaichotsa, tithamangire kuchipatala pompo?

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Ayi, si nkhupakupa iliyonse ili ndi matenda, zambiri zilibe, ndipo kuno sapereka mankhwala chifukwa chongolumidwa munthu ali bwinobwino. Lembani deti mufoni, jambulani malowo, kenako muziyang'anira. Kakatupa pang'ono nkumayabwa tsiku loyamba ndi lachiwiri nzachizolowezi. Chomwe tikusaka ndi chibanga chozungulira chomwe chimanka chikula, chimatuluka pakati pa sabata imodzi ndi masabata 4 nthawi zambiri koma chikhoza kuchedwa mpaka miyezi 3, ndipo kawirikawiri sichiyabwa kapena kupweteka. Tsono mvetserani apa. Zithunzi zambiri pa intaneti ndi m'mapepala a ku GP (dokotala wa m'dera) ndi za khungu loyera, mzere wofiira wowala. Pa ife sichifiira choncho, chimaoneka ngati pamene munthu wamenyedwa, kuderako kuposa khungu lozungulira kapena kofiirira mozimiririka, nde munthu amangoti ndinadzigunda penapake. Muone ndi kuwala kwa dzuwa osati babu la kubafa. Enanso chibangacho sichituluka nkomwe, amangomva kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mafupa, kutopa

NyaChirwa: Zizindikiro za malungo zenizeni izi

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Eya, nde Mmalawi amangomwa panado kapena LA wotsala musutikesi nkumati zitha. Musatero. Pitani kwa GP kapena imbani 111 (nambala ya thandizo la zaumoyo) ndipo nenani ndi pakamwa panu kuti ndinali ku Glencoe deti lakuti, ndinalumidwa ndi nkhupakupa kapena ndinayenda m'tchire, musadikire kuti akufunseni. Chibanga chikaoneka bwino amayamba mankhwala osadikira zoyeza magazi, poti masabata oyamba magazi amatha kuonetsa kuti mulibe kanthu chikhalirecho muli. Akuluakulu amalandira doxycycline masiku 21, ana aang'ono ndi amayi oyembekezera amawapatsa wina ngati amoxicillin. Ukaupeza msanga umachizika bwinobwino. Ukausiya ndi pamene umafika m'mawondo, m'mitsempha mpaka nkhope kupuwala mbali imodzi, ena mtima. Ndipo ngati mwabwera kumene kuchokera kumudzi nenaninso zimenezo kuti ayeze ndi malungo omwe

Bambo a Chiso: Iii apa nde ndakhala chete. Ku Joni ndinaonapo mnzanga atadwala tick bite fever atabwera kutchire, panali kachilonda kakuda pakati, mutu ukumuwawa zoopsa. Ndi omwewo?

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Ndi matenda ena achimwene, kachilombo kake nkosiyana ngakhale mankhwala amafanana. Wa kunoyu kachilonda kakuda kaja sakhala nako

Wongani: Kupewa kwake nkosavuta bola osachita manyazi ndi fashoni. Thalauzi lalitali lolowetsa m'sokosi, malaya a manja aatali olowetsa m'thalauzi, zowala kuti kakamakwera muzikaona. Smidge kapena DEET m'miyendo ndi m'mphepete mwa sokosi zimathandizanso ku nkhupakupa. Yendani pakati pa njira, ana asamagubuduke mu bracken, ndipo pokadzithandiza patchire paja nde pamene anthu ambiri amazitengera, onani pomwe mukunjuta. Mukafika kunyumba zovala zouma ziponyeni kaye mu dryer pa moto waukulu mphindi 10 kenako muchape, kuchapa kokha ndi madzi ofunda zina zimapulumuka

Amake Yamie: Ine ndimangowerenga mwakachetechete koma ndili nawo pa ulendowu. Yamie ali ndi zaka 2 zokha, zodzolazi ndi zololedwa? Komanso tikutenga galu

Sisi Mphatso (nesi, Inverness): Botolo lililonse limalemba msinkhu woyambira, werengani kapena mufunseni wa ku famase mutamuuza miyezi yeniyeni ya mwana. Musamupopere kumaso, thirani m'manja mwanu nkumupaka, manja ake osapaka poti amaika mkamwa. Kwa wamng'ono chonchi ine ndimadalira zovala ndi neti ya ma midge yophimba pram yonse. Galu apite kwa vet musananyamuke akalandire mankhwala a nkhupakupa, ndipo asagone m'tenti ndi ana musanamupese, amabwera nazo zikuyenda muubweya zisanalume

Wongani: Ndipo amene mukuganiza zopopera mankhwala ophera tizilombo a permethrin pa zovala, ngati kunyumba kuli mphaka samalani, ndi poizoni kwa amphaka makamaka asanaume

Ankolo a ku Dundee: Ine ndikubwerezabe, Fife

Che Jafali (Fort William): Ankolo ma midge angachepe ku Fife koma nkhupakupa zilinso komweko, olo ku London m'mapaki a agwape ngati Richmond zimapezeka. Asiyeni anawa akaone mapiri, Glencoe kukacha bwino simungafune kubwerera. Mukadzaona forecast yaipa ndipo mphepo kulibe, madzulo ake tsikirani ku gombe la Loch Leven kapena bwerani kuno kwathu tidzaphike nsima m'nyumba, ufa ndili nawo. Koma ogona panjira ku Loch Lomond Lachisanu dziwani kuti kuyambira March mpaka September madera ena a m'mbali mwa nyanja simungangokhoma tenti popanda permit

Amake Tadala: Ife tidutsa osaima. Nde ndikuwerenga mitu, akuluakulu 8 ana 7, aliyense neti yakumutu kupatula Yamie wa pram. Tick twister banja lililonse yake isamachoke m'chikwama cha mayi. Ndiika oda mawa madzulo, amene mukufuna ndikuguleni limodzi lembani apa munditumizire ndalama. A Chiso ndikuwerengereni kapena ku Nchalo kukutetezani?

Bambo a Chiso: Ikanipo ziwiri, ina ndi ya madam. Yachitatu ya spare, ikhoza kung'ambika

Che Jafali (Fort William): Musaiwale zipewa zokhala ndi mlomo kuzungulira, neti ikagona pakhungu zimaluma podutsa pomwepo. Ndipo muziyese kunyumba kaye makamaka pa ana, ena amalira akangoiona

Amake Yamie: Ya pram ilipo amene ali nayo andibwereke? Yathu ndi ya udzudzu